Kabwalo ka Choko M'fakitale ya Magalimoto

Ana inu, kodi mukudziwa kuti akuluakulu nawonso amaphunzitsidwa ali pantchito? Ku Japan, kufakitale ya magalimoto ya Toyota, kunali injiniya wina dzina lake Taiichi Ohno, yemwe anabadwa mu 1912. Kaphunzitsidwe kake kanali kachilendo. Ankatenga choko n'kujambula kabwalo pansi, pafupi ndi makina, kenako n'kuuza wophunzira kuti aime m'katimo azingoyang'ana. Munthu ankatha kuima pamenepo maola ambirimbiri.

Poyamba palibe chimene ankaona, makina akungolira, anthu ali jijirijijiri. Koma maso akazolowera, zobisika zinkayamba kutulukira. Uyu akuyenda kamtunda kukatenga sipanala yomwe ikanatha kukhala pafupi ndi dzanja lake. Uyo akuwerama kambirimbiri kutola mabawuti m'bokosi lomwe lili pansi, ndipo pofika madzulo msana ukumupweteka kwambiri. Wina wangoima manja lende, kudikira mnzake. Wophunzira uja akaziona zimenezi, ankakambirana ndi eni ntchitowo, bokosi lija n'kulikweza pathebulo. Mawa lake ankafunanso china choti akonze.

Ohno ankaphunzitsanso anthu kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" mpaka kasanu. Tiyerekeze kuti chitseko cha galimoto yatsopano chakalika. Chifukwa chiyani? Chakhulana ndi ngolo yonyamulira zitsulo. Nanga ngoloyo inadutsiranji pafupi chonchi? Njira yake yachepa. Yachepa bwanji? Mwadzaza makatoni. Makatoniwo akutani m'njira? Alibe malo awoawo. Chifukwa chiyani alibe? Palibe amene anawakonzera shelefu. Mwaona? Mukangopaka penti pokalikapo, mawa chikalikanso china. Chofunika apa ndi shelefu.

Chimene ine chimandisangalatsa koposa ndi chingwe. M'mafakitale a Toyota anamangirira chingwe pamwamba pa mzere womwe magalimoto amadutsapo akamapangidwa. Wantchito aliyense, ngakhale amene wangoyamba kumene, anaphunzitsidwa kuti akaona cholakwika achikoke. Akakoka, nyale imayaka, kanyimbo n'kulira, kapitawo n'kuthamangira komweko kukathandiza. Vutolo likapanda kutha msanga, mzere wonse umaima. Wokokayo sadzudzulidwa ayi, chifukwa galimoto yolakwika ikatuluka pageti, ikhoza kukavulaza anthu pamsewu. Nzeruyi inachokera kwa Sakichi Toyoda, amene mu 1924 anamaliza kupanga makina owombera nsalu omwe ankaima okha ulusi umodzi ukangoduka.

Kukonza zinthu pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kotereku a ku Japan amakutcha kaizen, ndipo kunafikanso ku Malawi. Mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, ogwira ntchito m'zipatala zina za boma anaphunzira kusanja mankhwala, mafayilo ndi zipangizo, chilichonse pamalo pake polembedwa dzina, kuti namwino asamatanganidwe n'kufunafuna jakisoni wodwala ali pabedi akubuula.