Foni, mphenzi ndi nyenyezi zoyenda pamzere

Mitambo ikangoda, mabingu n'kuyamba kugunda kuseri kwa phiri la Mphunzi, m'nyumba zambiri mumamveka mawu amodzimodzi: "Zimitsani mafoni, mutiitanira mphenzi!" Inenso ndinkazimitsa. Ndikanatsutsa bwanji, poti onenawo ndi omwe aja anandiphunzitsa kuti mvula ikamagwa ndisausepo pansi pa mtengo, ndipo pamenepo sananame?

Komatu foni ya m'manja siitana mphenzi. Mphenzi ndi magetsi amene amaunjikana m'mitambo, ndipo potsika amakonda chimene chatalika pamalopo: mtengo, mlongoti, nsonga ya phiri, munthu woima yekha pambalambanda. Mafunde a foni ndi amtundu umodzi ndi a wailesi, sangalambulire magetsi njira. Tizitsulo ta m'kati mwake n'tochepa zedi, moti mphenzi yochokera kumitambo singakhote chifukwa cha ito.

Nanga bwanji timamva kuti uje mphenzi yamuwomba foni ili m'manja? Apa m'pamene anthu ndimawamvetsa. Kumidzi kwathu kuno netiweki siitipeza pakhonde nthawi zonse, timachita kuilondola. Wina pachulu, wina pathanthwe, wina pansi pa bulugamu uja aliyense amadziwa kuti "pamagwira". Ndiye kuti foni imatikokadi n'kukatiimika pamalo omwe mphenzi imakonda. Ngozi ikachitika, othamangira kumeneko amapeza foni itapserera, ndipo mlandu umagwera iyo, chulu n'kupulumuka.

Palinso china. Lamya zakale zija za mawaya, za kupositi ofesi ndi kumishoni, zinalidi zoopsa kukamagunda mabingu. Mphenzi ikawomba waya kutali, magetsi ankayenda m'wayamo mpaka kukafika pakhutu la woyankhulayo. Langizo la akuluakulu linali loona panthawi yake; foni ndiyo inasintha, langizo n'kutsala. Ndipotu silinatheretu ntchito. Foni imene ili patchaja, kaya ya magetsi a m'khoma kaya ya sola wa padenga, yabwerera kukhala ya waya, ndiye imeneyo isiyeni kaye. Mukaona ching'aning'ani, werengani masekondi kufikira bingu litagunda: masekondi 3 alionse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Komabe bingu likangomveka, lowani m'nyumba, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanabwerere pachulu paja.

Za mphekesera yoti 5G imabweretsa matenda a korona sinditayapo nthawi yambiri. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi mu Epulo 2020, 5G isanafike n'komwe m'dziko muno, ndipo kachilombo sikakwera mafunde a foni. Kungoti nkhani ziwirizi zinatipeza chaka chimodzi, zonse zosaoneka ndi maso, ndiye anthu anazikwatitsa.

Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya nyenyezi zoyenda pamzere. Kukangoyamba kuda, timagetsi timatulukira kumwamba titandondozana ngati ana a sukulu, mwakachetechete, kenako n'kuzimiririka. M'mawa mwake pa WhatsApp pamakhala podzaza. Ena amati afiti ali paulendo, ena amati dziko latha. Musawaseke. Tinakula tikumva kuti ndege za usiku sizilira, ndipo palibe amene anabwera kudzatiuza kuti kumwamba kwalowa alendo. Munthu akaona chachilendo amachifotokoza ndi nkhani imene ali nayo kale m'thumba.

Timagetsi timeneti ndi masetilaiti a Starlink, a kampani ya SpaceX ya Elon Musk, opereka intaneti. Amawatumiza m'mlengalenga ambiri nthawi imodzi (gulu loyamba la 60 linapita mu Meyi 2019), ndipo masiku oyambirira amayenda moyandikana asanabalalike kupita m'malo mwawo, pamtunda wa makilomita mazana angapo. Alibe nyale ayi. Amangonyezimira ndi dzuwa ngati lata latsopano, chifukwa pansi pano kukada, kumwambako dzuwa limakhala likuwalabe. N'chifukwa chake amaoneka chakumadzulo kapena mbandakucha, ndipo akalowa mumthunzi wa dziko amazima ngati wina wawauzira. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023.

Wofuna kuwaona bwino asankhe madzulo a mu Juni kapena Julayi opanda mitambo, atenge chofunda, pajatu kuzizira kwa ku Dedza sikuseka ndi munthu. Akakhale pafupi ndi miyala ija Akafula anajambulapo mizere ndi timadontho tofiira, yomwe ndi mbali ya malo a Chongoni amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Foni apite nayo, miyezi imeneyo mabingu amakhala ali patchuthi.