Za Mwana Waluso ndi Ngongole ya Sukulu

M'nyumba zambiri muli mwana wa manja aluso, amene akatola khala ajambula pakhoma, akapeza dongo aumba ng'ombe. Ku America mwana wotere akakula alakalaka kuphunzira ntchito imene kumeneko aitcha design, ndiyo ntchito yokonza maonekedwe a zinthu, monga zikuto za mabuku, zikwangwani za malonda, mapaketi a katundu ndi masamba a pa intaneti. Ntchitoyo njabwino ndithu, koma ambiri aifikira poyenda njira ya ngongole. Tsono mwezi uno tiyeni tiike malipiro mbali ina ya sikelo, ngongole mbali inzache, tione kumene kulemera.

Tiyambe ndi mtengo wa sukulu. Pa mzinda wa Providence pali sukulu yotchuka, Rhode Island School of Design, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1877. M'chaka cha 2024 mtengo wache wolembedwa unali madola oposa 55,000 pa chaka chimodzi, osawerengako chakudya ndi pogona, ndipo digiri itenga zaka 4. Chaka chomwecho sukulu zaukachenjede za boma zinali kulipiritsa mwana wa m'chigawo chao madola ngati 11,000 pa chaka. Taonani kusiyana kwache!

Nanga malipiro? Ofesi ya boma yowerengera za ntchito, Bureau of Labor Statistics, inapeza kuti mu May 2023 malipiro a pakati a okonza zithunzi ndi zilembo za malonda anali madola 58,910 pa chaka. Ndiko kuti theka la iwo linalandira koposa apo, theka lina kuchepera apo. Pa mwezi ndiwo madola ngati 4,900, msonkho usanachotsedwe. Ndipo tisaiwale kuti m'chiwerengerocho muli ndi akale pa ntchito. Woyamba kumene alandira zochepa.

Tsopano tiwerenge pamodzi. Ngongole za boma za chaka cha sukulu cha 2024 mpaka 2025 zinali ndi chiwongoladzanja cha 6.53 pa 100 iliyonse. Mwana wokongola madola 30,000, akamabweza pa zaka 10, apereka ngati 340 mwezi ndi mwezi, ndipo potsiriza akhala atabweza pafupifupi 41,000. Katundu ameneyu angathe kumsenza. Koma wokongola 100,000, ngakhale pa chiwongoladzanja chomwecho, apereka oposa 1,100 mwezi uliwonse, pafupifupi gawo limodzi la magawo 4 a malipiro aja, asanalipire nyumba, asanagule chakudya. Ndiponso ngongole yaikulu chotere siichokera ku boma kokha: yotsalayo aitenga makolo m'dzina lao, kapena aipempha ku mabanki. Malamulo a dzikolo salola msanga kuti ngongole ya sukulu ifafanizidwe, ngakhale munthu atasaukiratu.

Akulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku America kunali sukulu zambiri za mwini mmodzi zotchedwa The Art Institutes, zimene zinakopa achinyamata ndi malonjezo a ntchito. Zotsiriza zache zinatsekedwa mu September 2023. Mu May 2024 boma linalengeza kuti sukuluzo zinanamiza ophunzira za kuchuluka kwa opeza ntchito ndi za malipiro ao, ndipo linakhululukira anthu ngati 317,000 ngongole zokwana madola 6.1 biliyoni. Ngongole inachotsedwa, inde. Koma zaka za unyamata wao ndani adzawabwezera?

Chifukwa chache alangizi ambiri a kumeneko aphunzitsa lamulo lapafupi: ngongole yonse ya sukulu isapose malipiro a chaka choyamba cha ntchito. Kuyambira 2015 boma la America laika pa intaneti chida chotchedwa College Scorecard, chosonyeza ngongole ndi malipiro a otuluka m'sukulu zosiyanasiyana, kuti banja lione lisanasaine. Pa ntchito imeneyi olemba anthu ayang'ana kwambiri zimene manja a munthu apanga; ndipo manja angaphunzire bwino pa sukulu yotsika mtengo.

Kapena wina adzati, za ku America zitikhudza bwanji ife a kumudzi? Zitikhudza, pakuti ku Malawi nakonso, kuyambira 2015, kuli bungwe la boma lokongoza ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, ndipo ndalamazo ziyenera kubwezedwa. Madola ndi makwacha asiyana, koma kuwerenga kwache n'kumodzi.

Inu atate ndi amai, musazime luso la mwana wanu, ndipo musamkankhire ku ngongole muli chitsinzinire. Khalani naye pamphasa, pepala ndi pensulo m'manja, mufunse mafunso atatu: Tikongola zingati zonse pamodzi? Tidzabweza zingati pa mwezi? Amene anatsiriza maphunziro omwewa chaka chatha alandira zingati lero, ngati anapeza ntchito? Mukapanda kudziwa yankho, pitani mukafunse kwa amene anayenda kale njirayo, pakuti safunsa anadya phula. Mwana waluso ayenera kutuluka m'sukulu ndi manja omasuka, kuti agwire nawo ntchito imene aikonda.