Misewu yatsopano ikuwala, yakale ikufa

Dzenje la pamsewu silibadwa lalikulu. Limayamba ngati kamng'alu pa phula, madzi a mvula n'kulowa n'kufewetsa dothi ndi miyala zapansi. Kenaka pamadutsa thiraki yolemera, phula n'kudirizika. Pofika Febuluwale madalaivala a minibasi amakhala akuzemba maenje, ena mpaka kulowa mbali ya anzawo.

Akatswiri a misewu amati kumata ming'alu, kugwaza ngalande ndi kutchetcha m'mphepete n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kumanganso msewu wophwasuka. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Nanga bwanji misewu yathu imalekereredwa mpaka kufa?

Nkhani yagona pa ndalama ndi kumene zimapita.

Dziko lino lili ndi misewu yovomerezeka yotalika makilomita oposa 15,000, koma ya phula ndi pafupifupi makilomita 4,000 okha. Yotsalayo ndi ya dothi, yomwe imafuna giredala chaka ndi chaka kuti alimi a fodya, chimanga ndi soya afike pamsika.

Mu 2006 Nyumba ya Malamulo idagawa pawiri bungwe la National Roads Authority. Roads Authority idapatsidwa ntchito yomanga ndi kusamala misewu, pomwe Roads Fund Administration (RFA) idapatsidwa udindo wotolera ndi kusunga ndalama zake. Gwero lalikulu la thumbali ndi msonkho umene aliyense amalipira pa lita ya petulo kapena dizilo.

Msonkhowu umawerengedwa m'makwacha pa lita, chonsecho phula ndi makina zimagulidwa kunja ndi madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo idayamba kukonza msewu wofupikirapo. M'zaka zomwezo RFA idadandaulanso kuti ndalama za msonkhowu sizimafika zonse m'thumba lake.

Pofuna kuwonjezera chuma, boma lidatsegula zipata zolipiritsa galimoto pamsewu wa M1, pa Chingeni ku Ntcheu mu 2021 ndi pa Kalinyeke ku Dedza mu 2022. Koma kandalama kameneka kali ndi pakamwa pambiri.

Namondwe Ana mu Januwale 2022 adadula M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu Malichi 2023 adakokolola milatho ndi misewu m'maboma ambiri a kummwera. Zikatere, ndalama zoti zimate ming'alu kwina zimathamangira kukalumikiza madera odukawo.

Palinso ndale. Msewu watsopano uli ndi riboni yodula, magule ndi nsalu za chipani. Ngalande yogwazidwa bwino palibe amene amaivinira. N'chifukwa chake misewu ikuluikulu ya mumzinda wa Lilongwe, monga mphambano yodutsa pamwamba ya ku Area 18, imamveka kwambiri kuposa ntchito yosamala misewu ya kumidzi.

Mtengo wa kuchedwa udaonekera pa M1 yomweyo. Msewuwu utatha, mu 2022 kudayamba ntchito yokonzanso makilomita 301 pakati pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu ndi Chiweta ku Rumphi, mothandizidwa ndi ngongole ya European Investment Bank ndi thandizo la European Union. Ngongoleyo adzabweza ndi Amalawi, ena mwa iwo akadali kusukulu.

Pakadali pano wolipira kawiri ndi munthu wamba. Amapereka msonkho pa mafuta, n'kudzaperekanso pamene mwini minibasi wakweza mtengo kuti agule matayala ndi masipuling'i. Mayi wodwala pa ambulansi amachedwa kufika kuchipatala, ndipo mavenda amagula mbewu motchipa ponena kuti msewu ndi woipa.

Kumanga misewu yatsopano sikulakwa. Koma aphungu akamakambirana bajeti, ayenera kufunsa kuti pa kilomita iliyonse yatsopano, ndalama yoisamalira zaka 10 zikubwerazo ichokera kuti. Masikelo oyeza mathiraki nawo agwire ntchito usana ndi usiku, pakuti katundu wopyola muyeso amafupikitsa moyo wa msewu.

Kupanda apo, msewu umene tikuuvinira lero ndi umene tidzautengere ngongole ina mawa.