Kuŵala ndi Tulo

Mlimi wa ku Tsangano amalaŵira kumunda dzuŵa likungotuluka. Usiku akangodya nsima, tulo timabwera tokha. Koma kalaliki wa pa boma la Ntcheu, amene amatandala mu ofesi yamdima, kaŵirikaŵiri amasinza masana, usiku nkumangotembenuka pabedi. Kodi kusiyana kumeneku kumachokera pati? Si khasu lokha ayi. Kuŵala nakonso kuli ndi mbali yake.

Mu ubongo mwathu muli kanthu konga wotchi yoyenda maola 24. Chimene chimakonza wotchiyi ndi kuŵala koloŵa m'maso. Kukada, ubongo umatulutsa mankhwala otchedwa melatonin. Ameneŵa ndiwo amauza thupi kuti nthaŵi yogona yakwana. Kukacha, kuŵala kwa dzuŵa kumaletsa mankhwalaŵa, munthu nkukhala tcheru.

Babu la mu ofesi limaoneka loŵala, koma silingafike pa dzuŵa. Ngakhale tsiku la mitambo, panja pamaŵala kuposa m'nyumba. Choncho munthu akabindikira m'chipinda chopanda zenera, thupi lake silidziŵa bwino kuti kwacha. Usiku akayatsa magetsi oŵala kwambiri, kapena kumangoyang'ana foni, thupi limayesa kuti kukadali masana. Basitu tulo timachedwa.

Mu 2014 akatswiri a ku mayunivesite a Illinois ndi Northwestern ku America anafalitsa zimene anapeza pa antchito 49. Antchito a m'maofesi okhala ndi mazenera ankagona nthaŵi yotalikirapo ndi mphindi pafupifupi 46 usiku uliwonse kuyerekeza ndi anzawo opanda mazenera.

Nkhaniyi si yamaseŵera. Munthu wosagona mokwanira amalakwitsa masamu, amapsa mtima msanga, ndipo akakhala dalaivala pa msewu wa M1 angathe kuchita ngozi.

Nanga tichitenji?

1. Tsegulani makatani mukangofika ku ntchito.
2. Sendezani tebulo lanu pafupi ndi zenera.
3. Nthaŵi ya nkhomaliro tulukani, muyendeko panja.
4. Madzulo chepetsani kuŵala m'nyumba, foni muiike patali.
5. Alonda ndi anamwino ogwira ntchito usiku, pogona masana tchingani zenera ndi nsalu yochindikala.

Dzuŵa ndi laulere, a ESCOM salipiritsa. Tiyeni tiligwiritse ntchito.

Mafunso okambirana

1. Kodi melatonin amagwira ntchito yanji m'thupi?
2. Kumene inu mumagwira ntchito, kuŵala kumaloŵera pati?