Mwanamphepo m'phala, makapisozi m'katundu wa ku Joni

Pazipatala za kummwera kwa Mzimba, tsiku la amayi a kuchidikiro limayamba ndi utsi. Owadikirira, omwe nthawi zambiri amakhala apongozi kapena alamu aakazi, amasonkha moto pamafuwa kusanache n'kuteleka phala. Mwini pakati amakhala pachitenje miyendo itatupa, sabata yachiwiri ikutha, ufa womwe adabwera nawo ukuoneka pansi pa thumba, nkhuni zili zogula, kumunda udzu ukukula. M'mawa uliwonse funso limakhala lomwelo: "Nanga mkamwana, palibe chomwe mukumva?"

Mwanamphepo amalowera pamenepa. Ndi muzu womwe amausinja n'kuusungunula m'phala kapena m'madzi, moti namwino wodutsa amangoona mayi akumwa phala lake. Akatswiri a zomera adapeza kuti dzinali limatchulidwa pa zomera zingapo zoyanga, zambiri za gulu la Cissus, za banja limodzi ndi mpesa. Muzu wokumbidwa ku Khosolo sungafanane mphamvu ndi wogulidwa pamsika wa Jenda, ndipo wa chilimwe sungafanane ndi wa dzinja. Muyeso wake ndi dzanja la wosinjayo.

Anamwino ndi azamba a m'zipatala amauopa muzuwu chifukwa amaona zomwe umachita. Chiberekero chikakunga, magazi opita kunsengwa amachepa, ndipo mwana amapezanso mpweya m'kanthawi komwe chamasuka. Pakubereka koyenda bwino, ululu umabwera, n'kupita, n'kubweranso. Koma ululu ukamangotsatizana khomo la chiberekero lisanatseguke, mwana amabanika, amachita chimbudzi m'mimba momwemo, mtima wake n'kuyamba kugunda mofooka. Mayi yemwe adachitidwapo opaleshoni, kapena wabereka kambirimbiri, chiberekero chake chitha kuphulika. Zikatero, chomupulumutsa ndi opaleshoni ya changu ndi magazi oonjezera, zinthu zomwe chipatala chaching'ono cha kumudzi chilibe.

Mu 2018, Collins Zamawe ndi anzake adasindikiza zomwe adapeza atasanthula uchembere woposa 8,000 m'boma la Mchinji, kuchokera m'kaundula wa ntchito ya MaiMwana. Mayi mmodzi mwa anayi alionse adavomera kuti adamwa mwanamphepo. Mwa omwe adamwawo, chiopsezo cha zovuta za uchembere chidali chokwera ndi 28 peresenti, ndipo chiopsezo choti khanda lidwale kapena kumwalira chidali chokwera ndi 22 peresenti. Wina atha kunena kuti ena mwa amayiwa adapatsidwa muzuwo chifukwa zinthu zidali zitavuta kale, ndipo pali nzeru pamenepo. Komabe awa ndi okhawo omwe adavomera. Omwe adabisa sadawerengedwe.

Tsopano Mzimba ili ndi khomo lina lomwe maboma ambiri alibe pamlingo wotere. Ndi midzi yochepa kuno yomwe ilibe mwana wake ku Joni, ndipo magalimoto a matransipota amabwera atasenza mabulangete, masola, mafuta odzola ndi zovala za khanda. M'masitolo a mankhwala a ku South Africa monga Clicks ndi Dis-Chem, pashelefu pamakhala mabotolo a makapisozi olembedwa kuti evening primrose oil, ogulidwa popanda kalata ya dokotala. Uphungu wake umayenda pafoni: akuti mayi akafika masabata 37 ayambe kumwa makapisoziwa, kapena kuwaika kunjira ya abambo usiku, kuti khomo la chiberekero lifewe. Mwamuna wosiya mkazi ali ndi pakati, yemwe sangakhalepo tsiku la kuchira, akamva zotere amaona ngati wapeza njira yothandizira ali kutali. Ndipo mayi wophunzira yemwe sangalole muzu wa apongozi pakamwa pake atha kumeza kapisozi mosakayika chifukwa botolo lake n'losindikizidwa bwino.

Chomera cha evening primrose kwawo ndi ku North America, dzina lake la sayansi ndi Oenothera biennis, ndipo maluwa ake achikasu amamasula madzulo. Mafuta amafinyidwa kunjere zake. Muli chinthu chotchedwa gamma-linolenic acid chomwe thupi limagwiritsa ntchito popanga ma prostaglandin, timichere tomwe timathandiza kufewetsa khomo la chiberekero. Maganizo onse a makapisoziwa atsamira pamenepo.

Atayesedwa pa amayi enieni, nkhani idasintha. Mu 1999, ofufuza awiri a ku America, Dove ndi Johnson, adayerekeza amayi 54 a mimba yoyamba omwe ankamwa mafutawa kuyambira masabata 37 ndi anzawo 54 omwe sankamwa. Omwe ankamwawo sadachire msanga, ndipo nthawi yawo m'chipinda chochilira sidafupike. M'malo mwake, pakati pawo padaoneka zambiri za nsupa kusweka mwana n'kuchedwa kubadwa, mwana kuima panjira, ndi kufunika komukoka ndi chipangizo. Kafukufuku wina wochitikira ku Iran adaonetsa kuti khomo limafewako makapisozi akaikidwa kunjira ya abambo, koma kumeneko zidachitika m'chipatala, madokotala akuyang'anira. Madokotala amachenjezanso kuti mafutawa angachedwetse kuundana kwa magazi, pomwe kutaya magazi pobereka ndi chimodzi mwa zomwe zikupha amayi ambiri m'dziko muno. Kuika chilichonse kunjirako nsupa itasweka n'kutsegulira tizilombo khomo lofikira mwana. Kapisoziyu alibe ukali wa mwanamphepo, koma mayi amakhala akuika moyo pachiswe pofuna phindu lomwe palibe adalitsimikiza.

Chomwe chimandiwawa n'choti amayiwa amangotchedwa mbuli. Mkamwana wa ku Mzimba amakhala pamudzi wa mwamuna wake, adamulowola, ndipo pankhani ya uchembere mawu a apongozi ndi lamulo. Kukana kapu yomwe akupatsira ndi manja awiri n'chipongwe chomwe chidzakumbukiridwa zaka. Pali mantha a mpeni, poti m'midzi yambiri wochira pa opaleshoni amanenedwa kuti ndi waulesi, komanso ndani amulimire chilonda chisanapole? Pali mantha a mapinga, chikhulupiriro choti mwamuna kapena mkazi akayenda njira zammbali pakati pali apo, mwana amapingasa. Taganizirani mayi yemwe mwamuna wake ali ku Johannesburg miyezi isanu ndi umodzi. Ola lililonse lomwe akuchedwa kuchira, kunja kuli manong'onong'o, ndipo ena akumuuza kuti aulule. Mayi wotere amwa chilichonse chomwe chingafupikitse usiku umenewo.

Boma lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007. Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, kenako Joyce Banda atalowa mu 2012 adalimbikitsa uchembere wabwino kudzera mwa mafumu, ndipo m'madera ambiri wochilira kunyumba adayamba kulipitsidwa mbuzi kapena nkhuku. Zipatso zake zidaoneka. Pofika 2015-16, amayi 91 mwa 100 alionse ankachilira kuchipatala, ndipo imfa za amayi zidatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439. Koma mayi atasamukira kuchipatala, muzu udamutsatira m'kontena ya phala, ndipo chindapusa chidawaphunzitsa onse kutseka pakamwa.

Chipatala nachonso chimayambitsa matenda a mayi pakafunika, monga masiku akapitirira masabata 41, BP ikakwera kapena nsupa ikasweka ululu osabwera. Chimagwiritsa ntchito misoprostol kapena oxytocin wa m'diripi, mankhwala aukali kwambiri. Kusiyana kwake n'koti mzamba amayamba wayeza momwe mwana wagonera, amadziwa mlingo womwe wapereka, amamvetsera mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse, amalemba papepala, ndipo zikathina amatseka diripi. Chomwe chalowa kale m'mimba kudzera m'phala palibe angachitseke.

N'chifukwa chake funso lomwe mzamba amafunsa polandira mayi, loti "mwamwako chilichonse kunyumba?", ndi lofunika kuposa momwe ambiri amaganizira, ndipo kafunsidwe kake n'kofunikanso chimodzimodzi. Mayi yemwe adaonapo mnzake akukalipiridwa pamaso pa wodi yonse adzayankha kuti ayi, ngakhale mimba ikukunga mosalekeza. Apongozi omwe amangouzidwa kuti adikire panja, osaitanidwa n'kamodzi komwe kusikelo kuti amve okha zomwe muzu umachita kwa mdzukulu wawo, sadzasiya kusinja. Maphunziro a kusikelo amapita kwa mkamwana, pomwe mtondo uli m'manja mwa apongozi.

Mzamba akauzidwa zoona, kaya ndi za muzu kapena za botolo la ku Joni, ntchito yake imasintha nthawi yomweyo. Saonjezera mankhwala okungitsa chiberekero, amamvetsera mtima wa mwana pafupipafupi, amakonzekeratu za kutaya magazi, ndipo ngati ali pachipatala chaching'ono monga Luwerezi kapena Khosolo amaitanitsa ambulansi zinthu zisanathine. Opaleshoni ili pa boma kapena ku Embangweni, ndipo m'nyengo ya mvula ulendo wochoka kumapiri a Khosolo umadya maola omwe mwana wobanika alibe.