Zoyenera kuganizira asanalole agalu ndi amphaka m'maofesi

LILONGWE, Mana: M'maiko ena a ku Ulaya ndi ku America, makampani amalola antchito awo kupita ndi agalu kapena amphaka ku ofesi. Makampani a Amazon ndi Google ndi ena mwa odziwika pa mchitidwewu, ndipo kuyambira m'chaka cha 1999 bungwe la Pet Sitters International la ku America limakonza tsiku lapadera m'mwezi wa June lomwe anthu amapita ndi agalu awo kuntchito.

Nako ku Britain, mphaka wotchedwa Larry anatengeredwa ku 10 Downing Street, ofesi ya nduna yaikulu mumzinda wa London, m'chaka cha 2011 kuti adzigwira makoswe. Ogwirizana ndi mchitidwewu amati ziweto zimakhazika mtima pansi ogwira ntchito komanso zimalimbikitsa umodzi pakati pawo.

Popeza mabungwe ambiri akunja ali ndi maofesi mumzinda wa Lilongwe, pempho lotere likhoza kufika pa tebulo la mkulu wa ofesi iliyonse. Asanayankhe, mkuluyo ayenera kuyamba waona momwe agalu amasungidwira kuno kwathu.

M'madera monga Kaliyeka, Kawale, Biwi ndi Area 23, komwe kumakhala ambiri ogwira ntchito m'boma, galu ndi mlonda wa pakhomo. Amagona panja, amamasulidwa usiku, ndipo amakumana ndi agalu oyendayenda omwe amasaka chakudya m'misika ndi m'madzala. Apa ndi pomwe pagona vuto lalikulu, lomwe ndi matenda a chiwewe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi 99 mwa anthu 100 aliwonse odwala matendawa amawatenga kwa galu. Kachilombo kake kamakhala m'malovu ndipo kamalowa m'thupi kudzera pa bala. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, pafupifupi aliyense amamwalira.

Akatswiri amati kutemera agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera kumaduliza kufala kwa matendawa. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre, pomwe ku Lilongwe bungwe la LSPCA, lomwe linayamba ntchito m'chaka cha 2008, lakhala likugwira ntchito yotemera agalu ndi amphaka m'madera osiyanasiyana. Maiko anagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 pasadzakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Choncho ofesi yomwe ingaganize zolola chiweto iyenera kuyamba yaona chiphaso chosonyeza kuti chinalandira katemera ndipo nthawi yake sinathe.

Mbali ina ndi ya malamulo. Lamulo la m'chaka cha 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pamalo a ntchito, la Occupational Safety, Health and Welfare Act, linapereka udindo kwa olemba ntchito woteteza antchito awo. Galu akaluma mesenjala, wosesa kapena munthu wodzafuna thandizo, funso lidzapita kwa mkulu yemwe analola galuyo kulowa.

Ofesi ya boma ndi ya aliyense. Mumafika okalamba otsatira penshoni, amayi obereka ana kumbuyo, odwala mphumu omwe ubweya wa mphaka umawabanikitsa, komanso ena omwe safuna kukhudzana ndi galu pa zifukwa za chipembedzo. Onsewa ali ndi ufulu wolandira thandizo mopanda mantha.

Nachonso chiwetocho chili ndi zosowa zake. Galu wochokera ku Kaliyeka kupita ku Capital Hill afunika galimoto, madzi akumwa, mthunzi ndi malo odzithandizira, zinthu zomwe maofesi ambiri sanakonzeredwe.

Nkhaniyi ndi yosiyana ndi ya agalu ophunzitsidwa ntchito, monga a apolisi omwe amanunkhiza minyanga ya njovu pa bwalo la ndege la Kamuzu, kapena omwe amalondolera anthu osaona. Agalu otere amakhala ndi owayang'anira ndipo amalowa pamalo chifukwa cha ntchito.

Kwa ofesi yomwe ili kale ndi agalu olondera kapena amphaka ogwira makoswe mosungira mafayilo, chofunika ndi kuwatemera chaka ndi chaka, kumanga agalu nthawi ya ntchito ndi kusankha munthu mmodzi wowasamalira.

Wina akalumidwa, atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo ikanenedwe ku ofesi ya za ziweto. Dziko lonse lapansi limakumbukira zolimbana ndi chiwewe pa 28 September chaka chilichonse.