Dzanja Likataya Fuwa Limodzi

Mphika umakhazikika pa mafuwa atatu. Limodzi likachoka umapendekeka, madzi n'kuzimitsa moto. Dzanja nalo limagwira tinthu ting'onoting'ono ndi zala zitatu: chamanthu, mkombaphala ndi chapakati. Singano, cholembera, batani la malaya, zonsezi zimatsamira pa zitatuzi.

Komatu mafuwa a dzanja si ofanana. Mkombaphala ukaduka, kaya ndi chikwanje kaya ndi lamba wa pachigayo, chapakati chimalowa m'malo mwake, ndipo pakapita miyezi ambiri amayambanso kulemba ndi kusoka. Chamanthu ndiye nkhani ina. Ndicho chokha chimayang'anizana ndi zinzake, ndipo madokotala amati chimasenza pafupifupi 40 peresenti ya ntchito ya dzanja. Chikachoka, zinayi zotsalazo zimakhala mbali imodzi, popanda chozitsekera.

Apa mpofunika kupeza fuwa lina. Mu 1965, ku Nara m'dziko la Japan, madokotala Komatsu ndi Tamai analumikizanso chamanthu chomwe chinadukiratu, n'chifukwa chake chala chodukacho sitiyenera kuchitaya. Chikulungeni m'kansalu koyera konyowa, chiikeni m'jumbo, jumboyo m'madzi ozizira, osachigunditsa ku ayezi, n'kuthamangira kuchipatala. Kulumikiza kukalephereka, pali njira zina: mu 1968 John Cobbett wa ku England anachotsa chala chachikulu cha kuphazi n'kuchiika kudzanja m'malo mwa chamanthu. Naye Dieter Buck-Gramcko wa ku Hamburg anakonza bwino njira yofupikitsa mkombaphala ndi kuutembenuza kuti ukhale chamanthu, pothandiza ana obadwa opanda chalachi chifukwa cha mankhwala a thalidomide.

Opaleshoni ikatha, ntchito yaikulu imatsalira mwini dzanja. Mitsempha yomvera imamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, choncho chala cholumikizidwa chimachita dzanzi kwa miyezi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi munthu wobisa dzanja m'thumba chifukwa cha manyazi kapena ululu. Zala zosavulala zimauma mfundo zikangokhala osapindidwa, ndipo kuzifewetsanso n'kovuta kuposa kuziteteza. Mafizo ayambike dokotala akangolola: kupinda ndi kutambasula chala chilichonse, kutola njere za chimanga imodziimodzi, kumanga mabatani. Nsonga ya chala chodukacho ikamanyerenyesa kapena kuwawa ikakhudzidwa, bala litapola, a mafizo amalangiza kuisisita ndi nsalu yofewa, kenako yokhakhala, ndiponso kuviika dzanja m'mbale ya mpunga wouma kangapo patsiku mpaka khungu litazolowera.